Kunenepa kwa Chitsiriza

3 Epulo

Mwana wanga wachisamba,

Ndayamba ndi moni. Ngati uli bwino kunjako, ine ndi mng'ono wako Chitsiriza tili bwino, kupatula bondo langa lomwe ukulidziwa. Akulemba ndi mng'ono wakoyo, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asathiremo mchere, ndipo akamaliza andiwerengere kuyambira pamwamba.

Nsalu unatumiza ija yafika. Ndi yabwino, siisuluka. Ndalama usatumize. Makina anga osokera akadali kulira, ndipo telala amene makina ake akulira sapempha kwa mwana.

Tsopano nkhani yaikulu. Ukudziwa kuti mng'ono wako ndi woyembekezera. Mwamuna wake ali pamsewu ndi lole ya kampani, amabwera kamodzi pa miyezi iwiri, choncho ndamutenga kuti adikirire kuno. Masiku ake akwana pakati pa Juni. Tagwirizana kuti achirire pakhomo pano, m'chipinda chomwe chinali cha malemu amayi ako. Odzamuthandiza ndi Azamba aja a nyumba ya geti lobiriwira. Usati ndi munthu wamba. Adagwira ntchito kuchipatala zaka makumi awiri asanapume, ali ndi chikwama chawo cha zipangizo, ndipo amabwera milungu iwiri iliyonse kudzamuyeza.

Ndikudziwa chomwe unene, poti iwenso umagwira ntchito kuchipatala. Koma zaka ziwiri zapitazo iwe kunalibe, ine ndinalipo. Ndidamuperekeza mwanayu kuchipatala ndi mimba yake yoyamba. Adamukhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, aliyense wovala zoyera akungoti tikubwera. Pomwe amabwera n'kuti mwana atapita kale. Tidabwerako ndi beseni ndi matewera opindapinda monga tidapita nawo. Tsiku limenelo ndidalumbira pamaso pake kuti sindidzamutengeranso kumeneko.

Chipinda ndapaka laimu. Ndasoka makatani ndi mashiti anayi, ndagula ndowa ziwiri zatsopano ndi pulasitiki ya pamatiresi, monga Azamba adanenera. Adaumiriranso kuti ndipangane ndi a Kalipentala a kuseri kwathu kuti galimoto yawo izikhala ndi mafuta, ati mwina zingavute. Ndapangana nawo pofuna mtendere, koma siidzafunika.

Tiuze za kumeneko. Kodi kukuzizirabe?

Ndine bambo wako.

Asisi, ndi ine Chitsiriza. Bambo andilola mizere itatu. Musawakalipire, ndafuna ndine. Fungo la kuchipatala sindikufuna kulimvanso. Mwana wanuyu akumenya ngati ali pabwalo la mpira.

15 Epulo

Bambo anga okondedwa,

Moni kwa inu ndi kwa Chitsiriza. Ine ndili bwino, kuzizira kwachepa. Bondolo muziliwotcha ndi kansalu kofunda, musamangolipirira.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Sindikalipa. Zomwe zidachitika zija ndimazikumbukira ngakhale kunalibe ine, ndipo Azamba ndimawakhulupirira. Ngati iwo avomera, inenso ndavomera. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, Bambo. Ine kuno ndimakolopa m'wodi ya amayi oyembekezera. Si ine namwino, koma makutu ndili nawo. Chomwe anamwino amathamangira m'mawa uliwonse ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi, bipi ija. Azamba akabwera aziyeza nthawi zonse, asadumphe ngakhale kamodzi, ndipo mundilembere zomwe apeza.

Chitsiriza, mng'ono wanga, ukamva chachilendo m'thupi usabise. Ndikukudziwa iwe. Udayenda ndi munga kuphazi sabata yathunthu poopa singano.

Mundiyankhe msanga. Makalata akutenga masiku khumi panjira.

Mwana wanu wamkulu.

30 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Usadabwe kuti dzanja lasintha. Lero akundilembera ndi aneba, a Ometa, chifukwa mng'ono wako zala zamunenepa, cholembera chikumupulumuka. Akutinso zilembo zikumuvinira m'maso. Ndamuuza asiye, apume. A Ometa ndawachenjeza kuti za m'kalata muno zisakafike kwa anthu omwe amawameta.

Wafunsa zomwe tapeza. Ndikuuza zomwe ndapeza ine ndi tepi yanga, yomwe siinanamepo zaka makumi anayi. Delesi lomwe ndidamusokera ndi nsalu yako ndalimasula katatu m'milungu itatu. Usati pamimba pokha. Manja a delesi ndawonjezera mainchesi awiri, khosi inchesi imodzi ndi theka. Mphete ya ukwati tidaivula ndi sopo. Nsapato zake zakana zonse, akuvala patapata zanga. Nkhope yadzaza, wafanana ndi amayi ako chaka chomwe ndidawakwatira. Ndamusokera lina lalitali lofika pansi kuti asachite manyazi ndi mapazi.

Ndikunena izi kuti mtima wako ukhale pansi. Alipo ena pamsewu uno omwe ankati bambo wamasiye sangasamale mwana woyembekezera. Abwere adzaone. Mimba yoyamba ija kwa apongozi ake anali ngati ulusi. Kwa ine wanenepa.

Mutu umamuwawa masana, koma ndi kutentha kwa malata. Ndayala makatoni kudenga.

Azamba adabwera Lachiwiri. Mng'ono wako adati, Bambo, auzeni ndagona. Ndidatuluka kukawalandira pageti. Ndidati mwana ali bwino, akudya, wanenepa, wangogona kumene, si bwino kumudzutsa. Iwo adati, a Telala, ndingomuyeza pamkono ndizipita. Ndidati, Amayi, kuyeza ndi ntchito yanga, ndamuyeza dzulo. Tidaseka. Anali pachangu chifukwa mlongo wawo wadwala kutali, akukamudwazika milungu iwiri kapena itatu. Adati mukaona chachilendo munditumire uthenga, ndidzabwera ndi basi yoyamba. Chachilendo sindinachione.

Ukapeza singano za makina nambala sikisitini unditumizireko. Za kuno zikuthyoka ngati udzu.

Bambo wako.

Mayi, ndine Ometa, ndaba kampata pansi pano. Bambo anuwa kalata imodzi tatenga maola awiri. Liwu lililonse akuliyeza ngati akudula suti ya mkwati. Makasitomala atatu andithawa, wina wapita ndi mutu wometa mbali imodzi. Moni kwa azungu.

TELEGALAMU, 11 Meyi

ITANANI AZAMBA LERO LOMWE. KALATA IKUBWERA.

11 Meyi

Bambo,

Moni, koma mtima wanga suli m'malo. Kalata yanu yafika lero m'mawa. Ndaimba telefoni ya kusitolo ya pakona kanayi, siikulowa. Ndatumiza telegalamu.

Mwachita chiyani, Bambo? Mwabweza Azamba pageti? Inu ndinu telala, si dokotala. Chitsiriza si kasitomala woti mumuyeze khosi n'kunena kuti ali bwino. Ndidakupemphani chinthu chimodzi chokha. Kunyada kwanuku kudzatiphera mwana.

Mverani bwino. Kumeneko si kunenepa, ndi kutupa. Munthu sanenepa zala, nkhope ndi mapazi m'milungu itatu. Ndatenga kalata yanu ndakawaonetsa a sisitala a m'wodi mwathu, ndawamasulira mzere ndi mzere. Nditafika pa mutu kuwawa ndi zilembo kuvina m'maso, anaika kapu yawo pansi n'kundifunsa kuti, ali kuti mayiyu? Akuti zimenezi zimasonyeza kuti magazi akuthamanga kwambiri chifukwa cha mimba. Ikapitirira, munthu amagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, ndipo tikhoza kutaya onse awiri, iye ndi mwana. Ndaziona ndi maso anga kuno, ndakolopapo pansi pa bedi la mayi wotero.

Itanani Azamba lero lomwe. Ngati sanabwere, musawadikire. Kwerani galimoto ya a Kalipentala, pitani naye kuchipatala. Ndikudziwa kuti mudalumbira. Lumbiro silingakuthandizeni kunyamula bokosi.

Chitsiriza akudziwa, Bambo. Azamba sangalephere kumuuza zizindikiro zimenezi. N'chifukwa chake adakutumani kukanena kuti wagona. Akuopa, ndipo akubisala kumbuyo kwanu.

Mundikhululukire mawu. Ndidzapepesa bwino akachira.

Mwana wanu.

22 Meyi

Kwa mwana wanga wamkulu,

Moni. Tili moyo.

Telegalamu yako idafika. Wapositi adaiwerenga mokweza pageti, msewu wonse udamva. Ndidapita pakalendala n'kuwerenga masiku ndi chala. Anali atatsala oposa makumi atatu. Mzamba saitanidwa mwezi usanakwane, ngakhale ine mwamuna ndikudziwa zimenezo. Ndidati mwana wasokoneza miyezi chifukwa cha kutalika kwa mtunda, ndidikire kalata.

Kalatayo yafika dzulo. A Ometa adayamba kundiwerengera. Atafika pomwe ukuti kunyada kwanga kudzapha mwana, ndidawalanda. Zotsalazo sindinamve ndipo sindikufuna kumva. Ili m'kabati ya makina.

Ndidakulera ndi singano. Amayi ako atamwalira ndidakuphikira, ndidakuchapira, ndidakusokera yunifolomu usanadziwe kumanga lamba. Anthu akandifunsa ndimati mwana wanga ali kuchipatala kunja, sindinenapo kuti amagwira chikolopa. Lero chikolopa chakupatsa udokotala woti unditukwane pamaso pa aneba? Ine sukulu ndidalekera kalasi yachitatu, ndikudziwa. Koma mwana amene ndikumuona tsiku ndi tsiku ndi ine, iwe ukumuona papepala.

Mng'ono wako sindinamuuze za kalatayi, ingamudwalitse. Masiku ano amakonda kugona chotseka makatani, akuti kuwala kukumulasa. Dzulo wasanza pang'ono, akuti pachifuwa pakumutentha. Amayi ako ankateronso ndi iwe. Azamba ndamva kuti abwerako dzana. Akapuma abwera okha.

Singano zija usatumize. Ndapeza zina.

Bambo wako.

Mayi, ndine Ometa. Izi ndalemba bambo anu atalowa m'nyumba, sadziwa. Munthu ukamawerenga, maso amathamanga kuposa pakamwa. Pomwe amandilanda kalata n'kuti maso anga ali kale m'munsi. Ndidaona mawu akuti si kunenepa, ndi akuti onse awiri. Zambiri sindinaone. Ndawayamba kawiri, andiuza kuti ndizimeta mitu, za m'nyumba mwawo ndisametemo. Takhala moyandikana zaka makumi atatu, sindinalowererepo pa nkhani ya akazi a m'nyumba ya mnzanga. Mundiuze chochita. Koma pomwe yankho lanu lizifika kuno ndi masiku makumi awiri. Sindikudziwa.

25 Meyi

Bambo anga,

Moni. Milungu iwiri yatha, sindinamve kanthu. M'mawa uliwonse ndimayamba ndayang'ana m'bokosi la makalata ndisanapite kuntchito, ndikaweruka ndimayang'ananso. Telefoni ya kusitolo ikadali yakufa.

Mwina mwakwiya. Ndidalemba ndi mkwiyo ndi mantha, ndidayamba ndi mawu oyenera kukhala kumapeto, kapena osakhalapo n'komwe. Pepani, Bambo. Palibe amene adatisamala kuposa inu. Tepi yanu siinaname. Ndi tepi yanu yomweyo yomwe yandiuza kuti Chitsiriza akudwala. Mukadapanda kulemba mainchesi aja sindikadadziwa.

Ngati mudamva kalata ija mpaka kumapeto, ndiuzeni kuti Azamba adapeza chiyani. Ngati simunaimve, ndagwada, itengeni muimalize. Mukatero munditukwane mmene mungafunire.

Ndapempha tchuthi, akuti mpaka Julayi. Ndikulemba nditakhala m'kachipinda kosungira zikolopa. Kuseri kwa khomali mwana wina wangobadwa kumene, ndikumumva.

Mwana wanu wachisamba.

28 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Akulemba ndi a Ometa. Ndawauza kuti lero ndikaima asandifulumize.

Ndiyambe ndi chomwe ukufuna kumva. Mng'ono wako ali moyo. Mwana ali moyo, ndi wamkazi. Tili kuchipatala. Tsopano ndikuuze mwadongosolo, chifukwa ukazimva kwa ena azikongoletsa.

Loweruka m'mawa, cha m'ma teni koloko, ndinali pamakina pakhonde ndikupinda thalauza la munthu. Ndinangoona geti latseguka popanda odi. Anali Azamba ndi chikwama chawo, a Ometa ali pambuyo atanyamula chipewa m'manja ngati wopalamula. A Ometawo adasunga mumtima masiku awiri zomwe adaona m'kalata yako, tsiku lachitatu adatseka shopu yawo n'kupita kukagogoda ku geti lobiriwira. Ndinaimirira. Ndinati, Amayi, mwana wagona. Anati, a Telala, lero mundipatse njira, apo ayi ndikudutsani pamwamba.

Ndinawatsatira mpaka pakhomo la chipinda. Anatsegula makatani, mng'ono wako n'kubisa nkhope. Anakweza delesi lalitali lija, anadina chala pamwendo. Chala chitachoka, dzenje linatsala pomwepo, silinabwerere. Anamumanga lamba wopopa uja pamkono, anapopa, anayang'ana. Anamasula, anamanga mkono winawo, anapopanso. Ine ndimadziwa, munthu akayeza kawiri ndiye kuti muyeso woyamba waukana mumtima.

Anati, mwana iwe, mutu wayamba liti? Iye anati, kalekale. Anati, ndidakuuza chiyani za mutu ndi maso? Iye anangolira. Kenako Azamba anatembenukira kwa ine. Anati, kaitaneni galimoto, tikupita kuchipatala pompano.

Mng'ono wako anandigwira malaya. Anati, Bambo, mudalumbira. Anati, musandipereke kuja, akandisiyanso pabenchi. Azamba ndi omwewa, chipinda ndi chomwechi, ndichirira pompano.

Ndikufuna ulembedwe bwino mzere uwu. Ine ndinaima kumbali yake. Ndinati, Amayi, mwalandira ana a msewu wonse uno m'nyumba zawo, wangayu walakwa chiyani? Ndowa ndagula, mashiti ndasoka. Muchite pompano, ine ndikhala panja.

Anati, a Telala, inu munthu akabwera ndi nsapato yong'ambika mumaisoka pamakina anu? Ndalandira ana ambiri m'nyumba chifukwa ndimadziwa amene si anga. Uyu si wanga. M'chikwama muno mulibe mankhwala ake.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Sindikudziwa kuti ndikadati chiyani. Dzanja lomwe linandigwira malaya linauma, maso ake anatembenuka, thupi lonse linayamba kugwedezeka, bedi la amayi ako likugunda khoma. Ndinaitana dzina lake, sanamve. Azamba anamugoneka chammbali, anandikuwira kuti, musamugwire miyendo, thamangani!

Ndinathamanga ndi bondo lomweli. Galimoto ya a Kalipentala inali itadzaza matabwa a kasitomala. Tinawataya pamsewu, ine, iwo ndi a Ometa. Mafuta analimo. Tinamunyamula pa matiresi momwemo. Njira yonse Azamba anagwada pambali pake atamugwira chibwano, ine ndagwira mapazi. Ndi pomwe ndinawaona bwino mapazi aja, mwana wanga. Ndinali ndisanawayang'ane ngati mapazi, ndinkangowayang'ana ngati muyeso.

Kuchipatala sanamukhazike pabenchi. Azamba analowa akufuula manambala omwe anapeza, ovala zoyera anathamanga. Anamubaya, anamuika madzi, masana omwewo anamuchita opaleshoni. Mwana anatuluka wamng'ono, makilo awiri osakwana, ali m'kabokosi kagalasi. Analira, akutero. Mng'ono wako sanadzuke Loweruka, sanadzuke Lamlungu. Dokotala anati tikadachedwa ola limodzi, anati tikadabwera milungu itatu yapitayo. Zonse ziwiri ananena akuyang'ana ine.

Lolemba ndinatuma a Ometa kukatenga kalata yako m'kabati ya makina. Ndinawapatsa Azamba pakhonde la wodi, anthu odikira odwala awo ali pomwepo. Anati, tipite poduka mphepo. Ndinati ayi, werengani pompano, mokweza, muyambire pomwe ndidawadula a Ometa. Anawerenga mpaka pansi. Zonse zinalimo. Zinakhala m'kabati masiku atatu, pansi pa choko ndi mabatani, ine ndikusoka pamwamba pake.

Za chikolopa zija, zomwe ndidanena m'kalata yapitayo. Sindingazifufute, idapita kale. A Ometa adandifunsa tsiku lija kuti, tilembedi zimenezi? Ndidati lembani. Anthu a pakhonde lino akandifunsa za iwe, ndikumawauza ntchito yako yeniyeni, ndi kuti amene adaona matendawa ali kutsidya kwa nyanja ndi iwe.

Azamba akudziimba mlandu kuti adalola kubwezedwa pageti. Ndawauza kuti wowabweza alipo, asamulande mlandu wake. Mwamuna wa mng'ono wako tamutumira uthenga ku kampani, afika mawa. Ndimuuza ndekha, monga ndakuuzira iwe.

Ukamayankha, ulembe makalata awiri. Ina ikhale ya mng'ono wako, m'envelopu yakeyake, dzina lake pamwamba. Maso ake akuonabe mwachimbuuzi, madokotala akuti mwina abwerera pang'onopang'ono. Azamba amuwerengera. Siidzera kwa ine.

Wadzuka dzulo madzulo. Ine anamwino sanandilowetse, akuti mmodzimmodzi, ndipo analowa ndi Azamba. Atatuluka ndinawafunsa kuti wati chiyani. Anati, wafunsa mwana. Ndinati, kenako? Anati, wafunsa ngati asisi ake alemba. Ndinati, kenako? Anati, kenako wagona, a Telala.

Lero ndafunsanso. Wamwa tiyi, wamugwira mwana kuphazi kudzera pa kabowo ka galasi. Ine sanandifunsebe. Ndauza a Ometa abwerere akatsegule shopu yawo. Ine ndikhala konkuno.

Ndine bambo wako.